Maimelo akukanirira mu seva magetsi akangoyakanso: yankho kwa mnzathu wa ku Matawale

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene amasamala makompyuta pa ofesi ya kabungwe kena ku Matawale, kuno ku Zomba. Anati: "Seva yathu ndi ya Debian, ili ndi Postfix. Maimelo ochokera kunja tikulandira, koma athu sakupita. Mu log mukulembedwa kuti Host or domain name not found. Name service error for name=gmail.com type=MX: Host not found, try again. Chodabwitsa n'chakuti ndikachita ping gmail.com pa seva yomweyo imayankha. Zimakonda kuchitika magetsi akazima n'kuyakanso. Abwana andipanikiza, nditani?"

Achimwene, mwachita bwino kukopera uthengawo momwe ulili. Ambiri amangoti "imelo yafa", ndiye munthu umasowa poyambira.

Postfix, pulogalamu yotumiza ndi kulandira makalata pa seva yanu, isanatumize kalata ku gmail.com, imayamba yafunsa DNS, imene ili ngati buku la maadiresi la pa intaneti, kuti makalata a dzina limeneli amalandirira kuti. Yankho lake ndi MX record, ndipo kwa Gmail yoyamba pamndandanda ndi gmail-smtp-in.l.google.com. Ikamva dzinalo imafunsanso nambala ya IP, kenako n'kugogoda pa port 25, khomo limene maseva a maimelo amalandirirapo makalata. Inuyo mukugwera pa funso loyamba lenilenilo. Kalata sinatuluke n'komwe pakhomo, choncho musataye nthawi kukayikira Google kapena mapasiwedi a anzanu a muofesi.

Nanga bwanji ping, lamulo loyesera ngati makina ena akuyankha, ikuyenda? Apa ndi pamene pagona nkhani. Pa Debian, kawirikawiri kachigawo ka Postfix kotumiza makalata kamatsekeredwa m'chipinda chakechake chotchedwa chroot, ku /var/spool/postfix. Kali m'menemo sikaona /etc/resolv.conf, fayilo yonena komwe makina azifunsa za DNS, imene inu ndi ping mumagwiritsa ntchito. Kamawerenga kope yake, /var/spool/postfix/etc/resolv.conf, ndipo kopeyo imatengedwa pa nthawi imene Postfix ikuyamba. Tsono taganizani magetsi abwera: seva yayaka msanga, rauta ikadali kuphethira, DHCP, njira imene rauta imagawira makina maadiresi, sinapereke adiresi ya DNS. Pa makina amene resolv.conf imalembedwa mwatsopano poyaka, monga a resolvconf kapena NetworkManager, Postfix imakopera fayilo yopanda nameserver (adiresi ya seva ya DNS) ngakhale imodzi. Pakapita mphindi ziwiri fayilo yeniyeni yadzaza, ping ikuyankha bwinobwino, koma Postfix idakagwirabe kope yopanda kanthu ija. Zinandichitikirapo nthawi ya mvula, pamene magetsi ankathimathima kangapo patsiku, ndipo ndinataya masiku awiri ndikufufuza kolakwika chifukwa ndinkayesa zinthu ndili kunja kwa chipinda chija. Zimandiwawabe ndikakumbukira kuti mwa makalata amene anachedwa munali lipoti limene anthu ankalidikira.

Ndiye tsegulani mafayilo awiriwo ndi lamulo la cat, muwayerekeze. Ngati asiyana, lembani systemctl restart postfix, ikoperanso. Mukatero yesani dig MX gmail.com, lamulo lofunsa DNS imene seva yanu imadalira, komanso dig MX gmail.com @8.8.8.8, lofunsa DNS ya Google. Ngati lachiwiri likuyankha koma loyamba ayi, DNS imene seva yanu imadalira ndiyo ikudwala, ndipo kawirikawiri imakhala karauta kakang'ono ka muofesi kamene kamalemedwa. Ngati onse awiri sakuyankha, onani firewall, mlonda amene amatsegula ndi kutseka ma port. DNS imayenda pa port 53, ndipo imafuna njira zonse ziwiri zotumizira uthenga, UDP ndi TCP. Anthu amatsegula UDP yokha, osadziwa kuti yankho likakula limadulidwa n'kufunsidwanso pa TCP.

Kuyambitsanso Postfix tsiku lililonse si mankhwala, ndipo sindikufuna kuti muzithamangira ku ofesi Loweruka lililonse magetsi akazima. Seva ya maimelo isamadikire DHCP. Ipatseni IP yokhazikika, ndipo ma nameserver alembedwe okhazikikanso. Ine chimene ndimakonda kwambiri n'kuika Unbound, pulogalamu yoyankha mafunso a DNS, pa seva yomweyo kuti resolv.conf iziloza ku 127.0.0.1, adiresi yotanthauza seva yomweyo. Adiresi imeneyi sisintha, kaya rauta yayaka kaya sinayake, ndiye kope ya m'chipinda chija imakhala yolondola nthawi zonse. Ena angakuuzeni kuti mungochotsa chroot posintha y kukhala n mu master.cf, fayilo ya makonzedwe a Postfix. Zimatheka ndithu, koma ine ndimasiya chitetezocho chikhalepo. Ndipo ngati muli ndi UPS, mulumikizepo rauta, osati seva yokha.

Pali vuto lina la DNS limene anthu amalisokoneza ndi lanuli. Mukadzakonza izi mwina mudzaona Gmail ikubweza kalata ndi nambala 550 5.7.25, ikudandaula za PTR record, imene imasonyeza dzina logwirizana ndi nambala ya IP. Pamenepo si inu amene mukulephera kufunsa, ndi iwo amene afunsa za IP yanu n'kusapeza dzina logwirizana nayo. Kuyambira February 2024 Google imafuna kuti aliyense wotumiza akhale ndi PTR yolondola komanso SPF kapena DKIM, njira zotsimikizira kuti kalata yachokeradi kwa inu. SPF ndi DKIM mumaziika nokha komwe mumasamalira DNS ya domain yanu, kaya ndi ya .mw kaya .org, koma PTR imaikidwa ndi eni IP, kutanthauza kampani imene imakupatsani intaneti. Alembereni kalata, muwauze dzina lenileni la seva yanu. Mukaona Connection timed out mu log ya Postfix, imeneyo si DNS, kawirikawiri ndi port 25 yotsekedwa panjira.

Kwa abwana anu, auzeni kuti makalata sanatayike. Mawu akuti try again aja ndi status=deferred mu /var/log/mail.log akutanthauza kuti vutolo ndi losakhalitsa, nambala yake yoyamba ndi 4, osati 5 ya kukanidwa kotheratu. Postfix imasunga kalata pamzere n'kumayesabe mpaka masiku 5, ngati simunasinthe maximal_queue_lifetime. Lembani mailq muone zimene zikudikira. Chonde musafufute mzerewo pofuna kuti ziyambire pabwino, mungataye makalata a anthu. Mukakonza resolv.conf lembani postqueue -f, kwinaku mutatsegula tail -f /var/log/mail.log pawindo lina, muziona mizere ikusintha kukhala status=sent. Ngati ina ikanirirabe, nditumizireni mizere imeneyo pamodzi ndi zimene zili m'mafayilo awiri aja, tidzaonere limodzi.