Achimwene, 7Hz Zero wanuyo musamutaye msanga

Achimwene, mwafunsa ngati 7Hz Salnotes Zero amene mwagulayo (timahedifoni tolowetsa m'khutu) ndi wabodza, poti besi yake ikuchepa mukayerekeza ndi KZ ZSN Pro wa mnzanu. Ine ndikuti musafulumire kudandaula ndalama zanu. Awiriwa anawachuna mosiyana dala.

Koma yambani mwaona tilabala ta kunsongato. Kalabala kakachepa, mpweya umapita m'mbali ndipo besi imathawira pomwepo. Valani kokulirapo, kokerani khutu m'mwamba ndi dzanja linalo, lowetsani bwino, kenako yankhulani musanayatse nyimbo. Mukamva mawu anu akugunda m'mutu ngati mwatseka makutu ndi zala, ndiye kuti kagwira. Makutu awiri safanana nthawi zonse, mwina lakumanja lifuna kakakulu pomwe lakumanzere lakwana ndi kapakati. Ndipo mukatsikira ku Tete kapena ku Moatize kotentha kuja, thukuta limatereretsa labala, muzikapukuta.

Tsopano za kachunidwe. KZ uja anakweza besi ndi mawu osongoka a pamwamba, zapakati n'kuzibweza m'mbuyo. Mu chapa (minibasi) yochoka ku Ulongwe kupita ku Calómuè zimenezi zimakoma ndithu, chifukwa kulira kwa injini kumameza mawu apansi, ndiye besi yochuluka ndi imene imapulumuka. Zero ali ndi kasipika kamodzi ka mamilimita 10, ndipo anamuchuna kuti mawu a munthu azikhala patsogolo. Inu mwati mumaimba kiyibodi m'kwaya. Apatu ndiye mwagula chinthu choyenera! Besi ikafufuma cha pa 150 mpaka 250 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu) imaphimba tenala ndi alto, moti simungadziwe amene wasochera. Ndimamva chisoni ndikaona woimba akuphunzira nyimbo ya magawo anayi pa timahedifoni tongogunda basi.

Sindikunena kuti okonda besi ndi osadziwa kumvera, ayi. Sean Olive ndi anzake a ku Harman, kampani yopanga zomvetsera nyimbo, atafufuza pa mahedifoni ophimba khutu anapeza kuti anthu 64 mwa 100 alionse anakonda kachunidwe kamene a Harmanwo anakonza, 15 ankafuna besi yoposerapo, ndipo 21 ankafuna yocheperapo. Mwina inu muli m'gulu la 15 aja, palibe cholakwa. Ngalande ya khutu nayo payokha imakweza mawu a cha pa 3 kHz (3,000 Hz), ndipo poti makutu athu ndi osiyana, chimene chikumveka bwino kwa ine kwa inu chikhoza kubaya.

Ngati tilabala tagwira koma besi siikukukwanabe, ikani Wavelet, pulogalamu yochunira mawu, pa foni ya Android. Kwezani pang'ono za pansi pa 100 Hz, madesibelo 3 (muyeso wa kukula kwa mawu) akwana, za pa 200 musazikhudze. Ngati "s" wa oimba akulasa m'khutu, tsitsani cha pa 6 mpaka 8 kHz. Mverani nyimbo zimene mumazidziwa pamtima kwa sabata yathunthu musanabwerekenso KZ wa mnzanuyo, pakuti khutu lozolowera besi yambiri limaona china chilichonse ngati chozizira.

Chimene ndikupempheni n'chakuti musasake besi pokweza voliyumu. Pa voliyumu yotsika khutu silimva bwino mawu apansi, n'chifukwa chake chala chimathamangira kukweza. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera pa madesibelo 80, ndipo mukawonjezera madesibelo 3 okha maolawo amatsika ndi theka. Mukavula n'kumva kulira kwa "tiii" m'khutu, mawa mutsitse.