Mwana wobisa timabokosi m'phiri: musamuletse, koma masamu akhoze

Mayi wina wa ku Mulanje wafunsa za mwana wake wa Fomu 3. Akuti tchuthi chikafika amangokhalira kukwera phiri ndi anzake, kubisa timabokosi m'miyala n'kumasakasaka ta ena pogwiritsa ntchito foni. Kodi si kutaya nthawi kumeneku?

Mayi, musamuletse. Masewera amenewa, otchedwa geocaching, anayamba ku America mu May 2000, boma litasiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba (njira yodziwira pamene uli pogwiritsa ntchito masetilaiti), ndipo luso lake ndi lomwe akatswiri oyeza malo amadyera.

Koma azichita mwadongosolo. Kabokosi kazikhala kapulasitiki kotseka bwino, mkati muli kabuku kosainamo ndi pensulo, chifukwa inki imafufutika ndi chinyezi. Chakudya ayi, anyani angakaswe. Malamulo a Geocaching.com amaletsa kukumba pansi, amafuna chilolezo cha oyang'anira malo, ndiponso mtunda wosachepera mamita 161 kuchoka pa bokosi lina. Pa phiri la Mulanje, ayambe wafunsa ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula.

Pomwe ana ambiri amalakwitsa ndi potenga manambala a malo, amene foni imapereka osonyeza pamene pali kabokosi. Poyera, foni imaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu, koma pafupi ndi thanthwe lalitali mafunde a GPS amayamba agunda mwala asanafike pa foni, ndiye imaphonya kwambiri. Aime mphindi zingapo, alembe manambala, achoke, abwererenso, achite choncho kangapo kenaka atenge avareji. Adziwenso kuti foni imawerengera malo pa dongosolo lotchedwa WGS84 pomwe mapu akale a boma ali pa dongosolo lina lotchedwa Arc 1950. Akasakaniza ziwirizi, malo amasuntha ndi mamita mazana angapo. Mwana amene wamvetsa chifukwa chake wayamba kale phunziro la kuyunivesite.

Za chitetezo musanyengerere. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002 ndipo anthu aferako atasochera. Asakwere popanda wolondolera njira wodziwika ku Likhubula. Anyamuke m'mamawa pa nyumba yogona okwera phiri ya Chisepo, ndipo chiperoni chikayamba abwerere, ngakhale nsonga ili pafupi. Kuzizira kumatha batire msanga, choncho atenge mapu apepala, kampasi, jekete ndi tochi.

Maphunziro oyeza malo aliko ku MUBAS ndi ku Mzuzu University, ndipo ku MUST amaphunzitsa zojambula mapu pa kompyuta ndi zithunzi za setilaiti. Ngati mtima wake uli pa kuperekeza alendo, kuli Malawi Institute of Tourism ku Blantyre. Za nkhalango, Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza. Oyeza malo amafunika ku dipatimenti ya Surveys, m'makhonsolo ndi m'makampani omanga misewu.

Pangano lanu ndi iye likhale pa masamu, fizikisi, jogalafe ndi Chingerezi, chifukwa akapanda kukhoza bwino masamu pa MSCE, maphunziro oyeza malo sangamutenge. Muonetseni mphunzitsi wake wa jogalafe manambala a malo amene mwanayo walemba, amuphunzitse kuwaika pa mapu a sikelo ya 1:50,000.