Asuweni, za boti la pa Nyanja Yofiira zija

Eee asuweni, mwaswera bwanji kumeneko? Meseji yanu ndaiona pagulupa, ndangoti ndiyankhe ndi pakamwa, kulemba kundichedwetsa. Mwafunsa kuti ulendo wanga wa ku Egypt uja, wogona m'boti momwemo n'kumabira pansi pa nyanja, unadya ndalama zingati. Hmm. Inuyo kufunsa mtengo? Inu amene mumayamba mwaponya chitenje m'chikwama, kenako n'kumanenerera ndi wogulitsa? Ayi, za mtengo ndikutumizirani kumbali, pano alamu angayambenso nkhani ya malata ija. Koma chimene mukufunsa si chimenecho, ine ndimakudziwani.

Dikirani kaye, ndiyambe ndi azakhali, poti nawonso anafunsa ngati tinkagona pamchenga. Ayi azakhali, botilo ndi lalikulu, muli zipinda, mabafa, khitchini ndi anthu ophika. Mumakwerera pa Hurghada, ena pa Port Ghalib kufupi ndi Marsa Alam, ndiye sabata yathunthu mtunda simuupondanso. Nsapato amakulandani... ayi, osati kulanda, mumangoziponya m'bokosi tsiku loyamba, n'kudzazitenga potsika. Kusanache bwinobwino belu lalira. Wotsogolera ajambula pa bolodi mmene thanthwe lakhalira pansipo, kumene madzi akukokera, pomwe tikatulukire. Mulowa, mutuluka, mudya, mugonako pang'ono, belu lija liliranso. Katatu kapena kanayi pa tsiku, malo ena mpaka usiku ndi matochi.

Ndipo ndi Nyanja Yofiira yomwe ija ya Mose, azakhali, ya m'Baibulo. Pa Ras Mohammed, kunsonga kwa Sinai, anapateteza kuyambira 1983, ndiye makorali ake ali bwino zedi. Makoraliwo si miyala wamba, ndi tinyama tamoyo, n'chifukwa chake amaletsa kugwira ngakhale kukhudza ndi phazi. Pamwamba pake tinsomba ta mtundu wa lalanje tili mbwee, ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa. Ukatulutsa mpweya mwamphamvu tonse tithawira m'thanthwe nthawi imodzi, kenako n'kutulukanso. Kulinso sitima ya a Britain, Thistlegorm, imene ndege za a Germany zinamiza mu 1941. Ili pansi mamita pafupifupi 30, njinga zamoto zikadali m'mizere m'mimba mwake, malole, jombo za asilikali... eee, ndasochera.

Asuweni, mukuwakumbukira amalume aang'ono? Kwa inu bambo aang'ono. Nthawi ija ankagwira ntchito kwa azungu ogwira mbuna ku Salima, zotumiza kunja kuti anthu azikaweta m'magalasi. Ana a masiku ano sadziwa kuti m'banja mwathu munali munthu wobira isanabwere n'komwe intaneti. Iwo sankanyamula silinda ya mpweya kumsana ngati ife, ayi. Injini yopopa mpweya inkakhala m'boti, paipi yaitali n'kutsika nayo mpaka pansi. Moyo wawo wonse uli m'manja mwa mnyamata woyang'anira injiniyo. Ndiye mukukumbuka, tsiku lililonse asanakwere boti ankamugulira mnyamatayo mandasi, amvekere munthu wanjala amawodzera. Agogo n'kumakalipa kuti ndalama ya sopo ikuthera mwana wa eni. Iwo phee, mawa lake mandasi enanso.

Chaka chija cha ukwati wa achemwali, ayi, chisanafike, chaka chimene agogo anadwala mwendo, anatitenga ife awiri m'boti mozemba. Inu munavala diresi lachikasu lija, munalira chifukwa linanunkha dizilo. Ee munalira, musakane, mboni zilipo pagulu pano. Tinafika pafupi ndi chilumba, iwo n'kutionetsa chingwe chomangidwa pa chigubu choyandama. Pansi pake panali mgolo, muli nsomba zimene anagwira kozama. Ine ndinati amalume, bwanji osangokoka tizione? Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwa kuyang'ana kwawo kuja, khutu labwino atalozetsa kwa ine. Kenako anati nsomba ya pansi ukaikweza mothamanga imatupa mimba, imafa isanafike m'dzanja. Mgolowo ankaukweza pang'ono lero, pang'ono mawa, mpaka nsombazo zizolowere. Anati munthunso ndi chimodzimodzi, kutsika n'kosavuta, nzeru zili pokwera.

Titabwerera tinapeza agogo ali chilili pagombe ndi ndodo yawo, mwendo wodwalawo aiwala. Amalume anatsika m'boti n'kugwada m'madzi momwemo, madzi m'chiuno, akuwomba m'manja. Agogo anafuna kukalipa koma kuseka kunawapambana. Nsima ya usiku umenewo amalume anadyera kuseri kwa nkhokwe, inu n'kuwapititsira chambo chanu mobisa. Mmm. Ndimawasowa bambo amene aja.

Ndiye mudziwe, nditayamba kuphunzira, zimene mphunzitsi ankanena zinali zomwezo za mgolo. Ukakhala pansi, mpweya wa nayitrojeni umalowerera m'thupi, ukakwera mofulumira umachita thovu m'magazi ndi m'mfundo, munthu akhoza kupuwala. N'chifukwa chake timakwera pang'onopang'ono, n'kuima mphindi 3 pa mamita 5 tisanatuluke, kakompyuta ka pamkono kakutiwerengera. Ndege simukwera mpaka patadutsa maola osachepera 18 chibirireni komaliza, ambiri amangodikira tsiku lathunthu. Ndipo mpweya saugwira m'chifuwa, umangopuma osalekeza. Amalume sanapite kusukulu ya zimenezi, koma za kukwera mofatsa ankazidziwa.

Tsono asuweni, ndinene. Inu simukufunsa mtengo. Mukufunsa ngati munthu ngati inu angathe, pa msinkhu uno, ana atakula, komanso chichitikireni zija za pa Chembe ku Cape Maclear simunalowenso m'madzi opitirira m'mawondo. Sindizitchula pano, amene akudziwa akudziwa. Yankho langa ndi lakuti mungathe, ndithu mungathe, koma musayambire pa boti logonamo. Yambirani kwathu konkuno... ndikuti kwanu konko, pa nyanja yathu.

Chifukwa chake n'chakuti boti lija likachoka padoko lachoka. Mukachita mantha tsiku lachiwiri palibe kotsikira, mudzangokhala pamwamba n'kumapinda matawulo anzanu ali pansi, mtima ukuwawa. Mafunde akakula usiku mseru umagwira ngakhale anthu ozolowera. Madzi ake ndi amchere kwambiri, amakukankhira m'mwamba, ndiye umamanga zitsulo zolemera zambiri m'chiuno kusiyana ndi kunyanja kwathu. Satifiketi yoyamba, ya Open Water, imakulolani kufika mamita 18 okha, ya Advanced ndiyo ya mamita 30. Malo a pakati pa nyanja monga Brothers ndi Daedalus, kumene anthu amakaonera shaki, madzi amakoka mwamphamvu, ndipo maboti ambiri amafuna munthu amene wabirapo kokwana 50. Kumeneko ayi, osati panopa.

Komanso sindikubisirani, poti alamu akafufuza okha azipeza. Mu 2023 boti lina la mtundu umenewu linapsa kufupi ndi Marsa Alam, anthu atatu anamwalira. Mu November 2024 lina linagubuduzika dera lomwelo, ena anafa, ena sanapezeke. Ndiye posankha boti musathamangire lotchipa. Mufunse za zida zochenjeza utsi, mufunse ngati pamakhala munthu wolondera usiku, ndipo mukangokwera muyende nokha kuchokera kuchipinda chanu mpaka potulukira pangozi, mutsegule ndi dzanja lanu. Inshuwalansi yake ikhale yoti imalipira chipatala cha anthu obira.

Koma zonsezo n'zamtsogolo. Panopa ndi Nkhata Bay. Kuli sukulu zophunzitsa kubira, ku Cape Maclear ziliponso, koma kumeneko sindikutumizani, mukudziwa chifukwa chake. Maphunziro oyamba amatenga masiku atatu kapena anayi. Mumayambira posaya, pamene mukhoza kungoimirira mutu n'kutuluka. Akuphunzitsani kuchotsa madzi m'magalasi ovala kumaso muli pansi pomwepo, kutsina mphuno n'kupemerera pang'ono kuti makutu asapweteke, kulankhulana ndi zala. Madzi opanda mchere, mbuna zomwe zija za amalume, zabuluu, zamizeremizere, zikukuzungulirani. Mukaona kuti mtima wakana, mutuluka, mukadya batala wanu wokazinga, palibe amene wataya ndalama ya ndege. Mukaona kuti mwakonda, mubwerezabwereza, mutenga Advanced, kenako tidzakwera limodzi boti la kumpoto lija, la Ras Mohammed ndi Thistlegorm. Inu mudzadzera ku Addis Ababa mpaka Cairo, ine ndidzakuchingamirani ku Hurghada.

Mwandimva asuweni? Mungathe, koma poyambira ndi Nkhata Bay, osati Egypt. Ndipo musapite nthawi ya mwera, dikirani September kapena October nyanja itadekha, madzi atafunda. Mukapite kaye kwa dokotala akuoneni za BP ija, pali fomu ya zaumoyo imene amadzazitsa, musakabise kanthu. Alamu, ndikudziwa mukumvetsera, ana mudzatsala nawo ndinu masiku amenewo, musayambe zoti kuntchito kwachuluka. Asuweni, ndiimbireni Loweruka madzulo mukaweruka kukwaya, tisankhe sabata yake.