Mawu akuti "tie" si kumanga kulikonse

Mtsikana wina wa Fomu 4 ku Nkhotakota wandilembera pa imelo ali wokhumudwa. Dikishonale yake imati tie ndi kumanga, koma atalemba m'chimangirizo kuti "The police tied my uncle", aphunzitsi anamuthetha. Akufunsa kuti wolakwa ndani, dikishonale kapena aphunzitsi?

Achemwali, aphunzitsi anu sanalakwe. Chiganizo chanucho mzungu akachiwerenga aona apolisi atatenga chingwe n'kuwanjata malume anu ngati mbuzi yopita kumsika. Ngati munkatanthauza zowatengera kuchitokosi, mawu ake ndi arrest.

Vuto lili apa: kumanga kwathu n'kotakata kwambiri. Timamanga nkhuni, timamanga nyumba, timamanga mbava, timamanga banja, ndipo mwezi wa Ramadan ukafika anansi athu achisilamu nawonso amati amanga. Chingerezi chinagawa ntchito zonsezi. Nyumba ndi build, mbava ndi arrest, kusala kudya ndi fast. Chotsalira tie ndi chingwe, luzi, ulusi kapena nsalu zimene mukuzikulunga n'kupanga mfundo. Musanalembe mawuwa, dzifunseni ngati pali mfundo yoti munthu angaimasule ndi zala. Msodzi wa ku Senga Bay akakocheza n'kumangirira bwato pamtengo, ameneyo ndi tie up the boat. Zingwe za nsapato, mtolo wa bango, duku kumutu, kukamwa kwa thumba la mpunga wa kilombero, zonsezi tie akukwana. Mawuwa kuyambira m'Chingerezi chakale, zaka zoposa 1,000 zapitazo, akhala akuyendera limodzi ndi chingwe.

Lamba wa m'galimoto alibe mfundo, amangolowetsa kachitsulo n'kumva kuti khethe. N'chifukwa chake m'ndege amalengeza kuti "fasten your seat belt". Mabatani a malaya nawonso ndi fasten. Potchula mawuwa chilembo cha t sichimveka, ngakhale ambiri timachiumiriza.

Pa kalembedwe pali msampha wina umene umadya malikisi pa MSCE. Zakale ndi tied, palibe chovuta. Koma zimene zikuchitika panopa ndi tying, osati tieing. Zilembo za ie zimasanduka y, monga zimachitikira pa die ndi lie zikakhala dying ndi lying.

Tsono mawuwa ali ndi maulendo awo amene kumanga kwathu sikufikako. Tayi wa pakhosi uja dzina lake linachokera pomwepa. Kumpira ndiye kuli chisokonezo chenicheni, chifukwa tie amatanthauza zinthu ziwiri. Matimu akafanana mphamvu, chigoli chimodzi kwa chimodzi, ndi tie, ngakhale a ku Britain pampira amakonda kunena draw. Koma mtolankhani akati Bullets ndi Wanderers zikumana mu cup tie, sakulosera kuti zilepherana ayi. Akungonena masewero a m'chikho cha chipulula, ndipo wina atuluka ndithu. A ku America nawo amatcha tie zogonekapo njanji zija, zimene mumaziona pansi pa zitsulo mukamadutsa pa siteshoni ya Salima, pamene a ku Britain amazitcha sleeper.

Munthu akakuuzani pafoni kuti "I am tied up", musathamangire kupolisi, watanganidwa chabe. Bwana akati "my hands are tied" ndiye kuti pali lamulo kapena wamkulu wina amene akumuletsa kukuthandizani, kaya n'zoona kaya n'kukuthawani, izo mudziwa nokha. Family ties ndi ubale.

Pamene ziyankhulo ziwirizi zimagwirizana bwino ndi pa ukwati. Ife timati amanga banja, iwo amati tie the knot. Ine ndingakulangizeni kuti mawu amenewa muziwasungira makalata a anzanu ndi nkhani zopeka, chifukwa ndi ocheza. Mu lipoti kapena kalata yantchito lembani get married basi.

Chiganizo chanu chija mukachikonze chikhale "The police arrested my uncle". Ngati anawavekanso unyolo m'manja, mawu ake ndi handcuffed.