Funsani Azakhali: Ndatopa ndi kudzitukwana ndekha

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu. Ndinkagulitsa kaunjika pamsika, mpamba ndinakongola ku banki mkhonde. Chakumayambiriro kwa 2024 geni inagwa, ngongole ndikubwezabe. Anzanga a m'gulu sanandinenepo choipa, koma ine ndikagona mumtima ndimangoti: "Ndiwe chitsiru, chilichonse ukachigwira chimawonongeka." Ngakhale ndiwo zikapserera, mawu ndi omwewo. Nditani kuti andisiye?

Mayi wa ku Mchesi, Lilongwe

Achemwali,

Pepani, mwasenza katundu wolemera kwa nthawi yaitali. Tiyambe ndi geniyo. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mabelo a kaunjika amachokera kunja, amagulidwa ndi madola, ndiye mtengo wa belo unakwera pomwe makasitomala anu m'thumba munali momwemo muja. Kodi kwachayo munatsitsa ndinu? Mawu akukuvutitsani usikuwo za izi satchula.

Dokotala wina wa ku America, Aaron Beck, m'zaka za m'ma 1960 anaona kuti anthu okhumudwa kwambiri amakhala ndi maganizo ongobwera okha, ndipo amawakhulupirira osawafunsa umboni. Maganizowo amatenga vuto limodzi n'kuweruza nalo moyo wonse. Taonani mawu anu aja: "chilichonse." Zoona chilichonse? Ana atatuwo akuwalera ndani? Amene akuponya ndalama ku gulu, geni itagwa kale, ndani? Ena akakongola amasamuka usiku, inu mukubweza.

Tengani kope lomwe munkalembamo ngongole za makasitomala. Mawuwo akabwera, alembeni momwe abwerera. Pansi pake lembani zomwe mukanamuuza mnzanu wa m'gulu akanakupezani pakhonde akulira, belo litamudyera mpamba. Ndikudziwa simukanamutcha chitsiru. Mukanamuyalira mphasa n'kunena kuti, "Asisi, zinthu zavuta, koma mwayesetsa." Inunso ndinu woyenera mawu omwewo.

Sindikuti muzidzinamiza kuti ndinu katswiri wa bizinesi, mtima ukana. Nenani zoona basi: "Geni yagwa, zandipweteka, ndipo ngongole ndikubweza." Ngati panali polakwika panu, mwina munkakongoza zovala osalemba, kapena mpamba munkagulira ndiwo, patchuleni pomwepo. Cholakwa chotchulidwa dzina chimakonzeka. Koma "ndine chitsiru" mungakonze poti? Alipo amene amaopa kuti akasiya kudzikalipira achita ulesi. Ine sindivomereza. Munthu wodzitukwana ndi amene amaopa kuyambiranso, amayamba kujomba ku gulu, mpaka kuzemba anzake panjira.

Masiku oyamba mawu achifundowo adzamveka achilendo pakamwa, ndipo akale aja azibwerabe. Akabwera musawonjezere mlandu wina woti "ndalepheranso kusintha." Ingonenani kuti "abweranso aja," muwayankhe, mupitirize kutsuka mbale zanu.

Chinanso, musamalimbane nawo nokha mumdima. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006: agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala, kumvetsera anthu othedwa nzeru ndi kuwathandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Kafukufuku anasonyeza kuti anthu amapepukidwadi. Pezani wanu wotero, kaya ndi mayi wa kumvano kaya mchemwali wosunga chinsinsi, mumuwerengere zomwe mwalemba m'kope muja.

Koma ngati papita masabata awiri tulo osabwera, chakudya osalowa, musadikire, pitani kuchipatala mukanene momwe mwandilembera inemu. Ganizo lodzichotsa moyo likangofika, pitani tsiku lomwelo, ndipo muuze munthu wina akuperekezeni. Ku Lilongwe komweko kuli a St John of God, amene ntchito yawo ndi yothandiza anthu ovutika maganizo.

Azakhali