Kwa mayi a ku Chilenje amene akufunsa zoonera pabanja pa tchuthi cha Khirisimasi

Mayi, ndawerenga funso limene munalemba m'gulu lathu lino lakuti pa tchuthi chino mudzakhala ndi ana asanu m'nyumba, kuphatikizapo adzukulu ochokera ku Chipata amene Chingerezi sachimva bwino, komanso apongozi anu aamuna amene anapuma pa ntchito ya boma ndipo amakonda nkhani za ndale, ndiye mukufuna mafilimu akale anthabwala, makatuni a Khirisimasi ndi masewero a ndale oti muzionera pamodzi. Ndisanatchule filimu iliyonse, ndikupempheni chinthu chimodzi: musaike chilichonse pa TV pamaso pa ana ndi apongozi musanayambe mwachionera nokha, ngakhale mochithamangitsa.

Ndikunena izi chifukwa ine zinandionekera. Zaka ziwiri zapitazo ndinagula fulashi m'tauni pa mtengo wa pafupifupi K120, ndipo mnyamata wina wa pafupi ndi msika anandiikiramo makatuni pa K50, akulumbira kuti onse ndi a ana. Pa tsiku la Khirisimasi ndinawayatsira anawo n'kutuluka panja kukaotcha nkhuku. Pakati pa makatuni abwinobwino munali ena a ku America opangira anthu akuluakulu, odzaza ndi kutukwana ndi nthabwala zolaula, ndipo amene anayamba kuzindikira kuti zinthu sizili bwino anali apongozi anga aakazi, amene Chingerezi sachimva koma maso ali nawo. Inu mukudziwa mmene mkamwini amakhalira pamaso pa apongozi. Sanandidzudzule, anangodzuka mwakachetechete n'kukakhala pakhonde, ndipo ine nsima ya tsiku limenelo sinandikomere. Kuwonjezera apo, fulashiyo inali ndi vayirasi imene inabisa mafayilo anga onse a ntchito pa kompyuta, ndipo mafilimu ena anali ojambulidwa mobisa m'nyumba ya kanema, moti mitu ya anthu inkadutsa kutsogolo. Choncho amene akukuuzani m'gulu muno kuti mungopita m'tauni akakudzazireni fulashi, mwina sanakhalepo ndi apongozi pabalaza.

Pa za nthabwala, popeza m'nyumba mwanu mudzakhala anthu osiyana msinkhu ndi chilankhulo, sankhani zimene zimaseketsa ndi zochita osati ndi mawu. Apa palibe woposa Charlie Chaplin. Mu The Gold Rush ya mu 1925 muli malo amene njala itamukola amaphika nsapato yake n'kuidya mwaulemu ngati ndiwo ya pa ukwati, ndipo mu Modern Times ya mu 1936 amagwira ntchito yomanga manati m'fakitale mpaka manja ake amangopitiriza kugwedezeka ngakhale ataweruka. Ana poyamba amadandaula kuti filimu yake ilibe mitundu, koma pakangopita mphindi khumi amakhala akugubuduka pansi ndi phwete, ndipo agogo nawo amatsatira nkhani yonse popanda wowamasulira. Mr. Bean wa Rowan Atkinson amagwiranso ntchito yomweyo. Sewero lake la pa TV linayamba mu 1990 ndipo lili ndi zigawo 15 zokha, choncho musanamizidwe ndi wina wonena kuti ali nazo mazana. Zambiri zimenezo ndi za katuni imene inapangidwa pambuyo pake, ndipo kwa ine siifika pa mwiniwakeyo. Gawo la Khirisimasi la mu 1992, limene mutu wake umakanirira m'kati mwa nkhukundembo, ndi limene timabwereza chaka chilichonse kwathu.

Ambiri atchula The Gods Must Be Crazy ya mu 1980, ya botolo la Coca-Cola logwa kuchokera m'ndege m'chipululu cha Kalahari. Imaseketsa ndithu, ndipo apongozi anu ayenera kuti anaionerapo kale, koma kumbukirani kuti inapangidwa ndi anthu a ku South Africa m'nthawi ya tsankho, ndipo imaonetsa anthu a mtundu wa San ngati ana osadziwa kanthu za dziko. Ine ndinaona kuti ndi bwino kuwafotokozera ana mfundo imeneyi filimuyo itatha, chifukwa mawa lake anayamba kunyozana pogwiritsa ntchito dzina la mtunduwo.

Makatuni a Khirisimasi pafupifupi onse ndi a kumaiko ozizira, pamene kuno mu Disembala kumakhala mvula, matope ndi ngumbi, ndiye konzekani kuyankha mafunso a chipale chofewa ndi chifukwa chake Father Christmas amalowera pa chumuni m'nyumba yokhala ndi chitseko. Amene ndingakulimbikitseni ndi mtima wonse ndi Klaus ya mu 2019, imene ili pa Netflix. Ndi nkhani ya mnyamata waulesi wotumizidwa kukagwira ntchito ya positi pa chilumba cha kumpoto kumene mabanja awiri akhala akudana kwa mibadwo, ndipo zojambula zake n'zokongola moti ngakhale wosamva mawu amakhala chete mpaka kumapeto. The Snowman ya mu 1982 ndi yaifupi, yosakwana theka la ola, ndipo nkhani yake imayenda ndi zithunzi ndi nyimbo basi, koma pamapeto munthu woumbidwa ndi chipale wa m'nkhaniyo amasungunuka, ndipo mwana wanga wamng'ono analira mpaka kukana chakudya chamadzulo. Musaionetse nthawi yokagona. Tom and Jerry aliyense amaidziwa. Vuto lake ndi lakuti ana aang'ono amayamba kumenyana ndi zikho ndi mithiko potsanzira.

Tsopano za ndale. Ndadabwa kuona anthu atatu akukuuzani kuti muonere House of Cards, ya ku America ija imene inayamba mu 2013. Ndi sewero lolembedwa mwaluso, koma muli kuphana, kutukwana ndi za kuchipinda zoonekera poyera, ndipo zimabwera mosachenjeza, moti simungapeze mpata wofikira rimoti. Limenelo n'loonera inu ndi bambo a m'nyumba ana atagona, osati ndi apongozi. The West Wing, ya anthu ogwira ntchito mu ofesi ya pulezidenti wa ku America, imene inaonetsedwa kuyambira 1999 mpaka 2006, ndi yaulemu kwambiri poyerekeza ndi inayo, koma anthu ake amalankhula mothamanga akuyenda m'makonde, ndipo ngati munthu sadziwa mmene Nyumba ya Malamulo ya ku America imagwirira ntchito amatopa msanga, ngakhale mutayatsa mawu olembedwa m'munsi.

Kwa munthu amene anagwirapo ntchito m'boma, ine ndingasankhe Yes Minister ya BBC, imene inayamba mu 1980. Ndi nthabwala ya ndale yokhudza nduna yatsopano, Jim Hacker, imene imabwera ndi malonjezo ambiri, ndi mlembi wamkulu wa unduna wake, Sir Humphrey Appleby, amene amaizunguza ndi Chingerezi chachitali, makomiti ndi mafayilo mpaka palibe chimene chimasintha. Popeza kayendetsedwe ka maunduna athu tinatengera ku Britain, ndipo udindo wa mlembi wamkuluyo, Permanent Secretary, ulipo mpaka lero, apongozi anu adzazindikira chilichonse ndipo mwina adzayamba kukutchulirani anzawo akale amene ankachita chimodzimodzi. Gawo lililonse ndi la pafupifupi theka la ola, mulibe zochititsa manyazi, ndipo seweroli silitchula chipani cha ndunayo, chinthu chimene chimathandiza kwambiri m'nyumba imene amalume ndi adzukulu amavotera zipani zosiyana. Ana sadzaseka, choncho muziika masana iwo akusewera panja.

Chilichonse chimene mwasankha pa intaneti, chitsitsireni pa foni kapena pa kompyuta usiku pogwiritsa ntchito bandulo yotsika mtengo, masiku angapo alendo asanafike, chifukwa mvula yamphamvu ikayamba dishi imataya chithunzi ndipo magetsi nawo sachedwa kuthima. Mugulenso kachipangizo koteteza TV magetsi akabwera mwamphamvu. Ine ndinakapeza ku Kamwala pa mtengo wa pakati pa K200 ndi K300, ngakhale mitengo yasintha kuyambira nthawi imeneyo. Mphezi zikayamba, zulani pulagi ndi waya wa dishi womwe, pakuti kachipangizoko sikateteza waya umenewo.