Geti Likuima Pakati Magetsi Akazima

Achimwene, mwati geti lanu ku Matawale likumatseguka pang'ono n'kuima, makamaka magetsi akazima. Musathamangire kugula mota yatsopano. Nthawi zambiri vuto limakhala batire, lija la 12V 7Ah la m'bokosi la motamo. Liyezeni ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, geti likuyenda. Likatsika pansi pa 11V, latha basi. Kuzimazima kwa magetsiku kumalipha msanga.

Ngati batire lili bwino, masulani mota ndi kiyi wake, mukankhe geti ndi manja. Likamalemera, onani njanji yake. Mvula ya kuno ku Zomba imakokolola mchenga ndi timiyala kuchokera kuphiri. Sesani bwinobwino, koma girisi ayi, amangomata dothi.

Mutazimitsa magetsi kaye, suzumiraninso m'bokosi. Abuluzi ndi nyerere amakonda kufunda pa board, mbale ya tizipangizo ta magetsi toyendetsa mota, mapeto ake n'kuiwotcha.